Laputopu Yaliwiro ya Kamphepo

M'kashopu kosindikiza zithunzi ka achemwali ake, Kamphepo ankagwira ntchito ndi laputopu yokalamba imene inkayamba yaganiza kaye isanayankhe, ngati mboni yabodza. Dzina lakelo anamupatsa chifukwa sankatha kukhazikika. Ngakhale tiyi ankamwa choimirira, lilime likupsa.

Lachisanu lililonse kunkabwera mtsikana woluka tsitsi wa pasaluni yapakona, kudzasindikiza zithunzi za malukidwe atsopano zomata pakhoma. Akangolowa, kashopu konse kankanunkhira mafuta a tsitsi, mtima wa Kamphepo n'kuyamba kuthamanga ngati basi yoduka mabuleki. Laputopu ikayamba kubuula ndi zithunzizo, mtsikanayo ankakhala pakampando ka makasitomala, macheza n'kuyambika. Anamuuza za mayi wina amene anagona tulo akulukidwa, za mantha ake ndi agalu, ndi za saluni ya m'maloto ake yamagalasi ofika kudenga.

"Achimwene, makina anuwa andimeretsa imvi pano," ankatero akuseka.

Kamphepo ankaseka nawo, koma manyazi akumudya m'kati. Mwamuna wanji wodikiritsa duwa lotere? Anatsimikiza mumtima kuti adzamufunsira tsiku limene laputopuyo idzauluke.

Anainyamula kupita nayo kwa mmisiri wokonza makompyuta. Mkuluyo anaitembenuza, n'kuisuzumira pamwamba pa mandala.

"Uli ndi mwayi, zakalezi ubongo wake umasinthika. Purosesa yaliwiro ndili nayo, koma mtengo wake ndi wolira nawo. Umagwirira ntchito yanji?"

"Zithunzi, bambo."

"Zithunzi basi? Kodi zikumakuthawa?"

"Ingoikanimo, bambo. Nkhani yake ndi yaikulu."

Achemwali ake a Kamphepo atamva kuti walipira anagwira m'chiuno. "Ndalama zija umasungira sukulu yoyendetsa galimoto? Iwe, mutu wako ukuyenda? Alipo kasitomala wadandaula?"

"Achemwali, inu za mtima munapuma kalekale," anayankha akuvina yekha pakati pa shopu.

Lachisanu linafika. Malaya anali ositidwa mpaka kolala kuima njo, mawu achikondi atawaloweza ngati ndakatulo ya pamayeso. Mtsikana uja analowa, n'kupereka foni yake. Kamphepo anadina kamodzi, n'kudinanso. Mtsikanayo asanakoke n'komwe kampando, makina osindikizira anali atayamba kale kulavula zithunzi.

"Eee! Zatha?"

"Ndege imeneyi, chemwali," anatero atatukumula chifuwa.

"Ndiye mwandithandizatu! Ndasiya munthu mutu uli theka." Analipira, n'kutuluka. Fungo lokha ndi limene linatsalira, mawu achikondi aja asananenedwe.

Sabata yotsatira Kamphepo anakonza nzeru. Anatsegula chilichonse chimene chinali m'laputopumo, nyimbo, mafilimu, masewera, kuti mwina ingatope n'kuyambanso kubuula. Koma chilombocho chinameza zonse osatafuna. Atasowa chochita anayamba kunamizira kufunafuna mapepala pansi pa tebulo.

"Mapepala ali pamphuno pakopo!" anakuwa achemwali ake ali kuseri.

Kuyambira pamenepo mtsikanayo sankalowanso m'kati. Ankangoima pakhomo, mwendo wina uli kale panjira, n'kulandira zithunzi zake. Kampando kaja kanayamba kugwira fumbi.

Kamphepo anathamangira kwa mmisiri uja, wefuwefu.

"Bambo, ndibwezereni ubongo wakale uja."

Mkuluyo anaseka mpaka mandala kugwera patebulo. "Chiyambire ntchito ino, ndiwe woyamba kudzagula ulesi! Ndinauika kale m'makina a munthu wina, mwana wanga. Akuthokoza kwambiri."

Pobwerera, laputopu ili kukhwapa, anadzera njira yodutsa pakhonde la mnyamata wosoka nsapato, amene msika wonse unkamunena kuti chidendene chimodzi amatha nacho tsiku. Pabenchi pake panali patakhala mtsikana uja, phazi lili pakatoni, akuseka mpaka kupukuta misozi. Wosokayo ankakoka ulusi pang'onopang'ono ngati akuumvera chisoni. Ankati akabaya kamodzi, n'kuima, kuyang'ana mwini nsapato, n'kufunsa funso lina.

"Achimwene a ndege!" anakuwa mtsikanayo akukweza dzanja. "Taonani anzanuwa, chifikireni sanathe ngakhale lamba mmodzi!"

"Ikatha msanga idukanso," anatero wosokayo modekha, maso ake osachoka pa iye. "Khalani kaye. Ndiye munati bambo anu amakonda mlendo wobwera nthawi yanji?"

Kamphepo anaima chilili, makina aliwiro kuposa onse mumsikamo akumutentha m'khwapa. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.