Mphunzitsi wa M'chipinda cha Mabulangete

Panali bambo wina, mphunzitsi wa ku yunivesite. Ndinena pansipansi, mawu anga salowa m'makina anuwo, ingondimvani.

Bamboyo ankaphunzitsa m'holo yodzaza. Akalankhula pang'ono ankaima n'kufunsa, "Tili limodzi?" Holo yonse inkati, "Eee!" Eee akamveka wofooka, ankadziwa kuti anthu atsalira, n'kubwereza.

Ndiye akuluakulu a pasukulupo anati maphunziro apite pa intaneti, kuti wa ku Nsanje, wa ku Chitipa, aziphunzira pafoni ali kwawo. Anamupatsa laputopu ndi pulogalamu yolankhulirana ndi ophunzira.

Tsiku loyamba kunali chiphokoso. Foni iliyonse inabwera ndi pakhomo pake. Uku tambala, uku chigayo, uku wina akutsatsa makala. Koma chomwe chinamutopetsa bamboyo ndi khanda lina lomwe linkalira osaleka.

"Mwanayo ali ndi ndani?"

"Ndine aphunzitsi, Felista. Pepani, sakupeza bwino, ndiye..."

Bamboyo anali atapeza kale batani lotsekera mawu. Anadina. Zii. Onse anatsekedwa pakamwa, wotsegula ndi iye yekha.

Batalo linamukomera. Anatenga pulogalamu ina yochonga mayeso, kuti asamavutike kuwerenga. Anatenganso ina yoyankha yokha mauthenga a ophunzira. Kuchipinda kwake anakhoma mabulangete m'makoma ndi pazenera kuti mawu azimveka bwino pojambula. Mkazi wake ankangosiya chakudya pakhomo, osagogoda.

Ophunzira nawo anazimitsa makamera poti bandulo ya intaneti inkatha msanga. Pagalasi panatsala timabokosi takuda tokhala ndi mayina. Bamboyo ankalankhula ndi mayinawo. Pakamwa panazolowera, ndiye ankafunsabe, "Tili limodzi?" N'kudikira. N'kudziyankha yekha, "Chabwino, tipitirize."

Masabata anapita. Akuluakulu ankamuyamika kuti ntchito akuitha. Koma m'chipinda muja munthuyo anayamba kulakalaka atangomva wina akutsokomola.

Masana ena, phunziro litatsala pang'ono kutha, analephera kupirira. Anadina batani lija n'kuwatsegulira onse.

"Tili limodzi?"

Anamva tambala. Anamva wailesi patali, ndi mbuzi. Munthu ayi. Ophunzira anali atazolowera kulowa m'kalasi, kusiya foni pazenera, n'kupita kukagwira zina.

Foni imodzi yokha ndi imene inalibe phokoso, ija ya khanda.

"Felista, ulipo?"

"Ndilipo aphunzitsi. Ndimakuyankhani tsiku lililonse, kungoti simundimva."

Bamboyo anakondwa ngati wakumana ndi m'bale wake. "Lankhula mwanangu, ndakutsegulira. Mwana uja wagona?"

"Musadzavutikenso n'kutseka aphunzitsi, phokoso lija linatha. Tinamuika m'manda Loweruka. Ndinakulemberani kupempha kuti ndipite naye kuchipatala cha ku boma. Makina anu anayankha kuti wojomba sadzalemba mayeso. Ndiye ndinati ndidikire kaye."

Bamboyo anatsegula pakamwa kuti apepese. Koma nthawi ya kalasi inali itakwana, pulogalamu inadzitseka yokha monga mmene iye anaikonzera. Mayina onse anazimiririka. Pagalasi panatsala nkhope yake, kumbuyo kwake mabulangete.

Bambo a Mwaiwathu, ndazungulira chonchi chifukwa ndimaopa kukukwiyitsani. Sindikuti makinawo ndi oipa, nawo maphunziro anuwo ndi amene akutidyetsa. Munati tisakusokonezeni mpaka mumalize kujambula, ndiye ndakhala naye mwanayu kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa. Thupi latentha ngati mbaula, bere akukana. Tsopano wasiya kulira, ndipo kusiyako ndi kumene kukundiopsa. Vulani chakukhutu chanucho, muzimitse makinawo, mukaitane kabaza.

Tili limodzi?