Kamzere pa Kamera ya Che Matola

Che Matola, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito ku Namwera, anafika kwa Shehe Rajabu itangotha swala, pemphero la masana, atakumbatira bokosi ngati khanda. Anawapeza Shehe pakhonde la mzikiti akusoka mkeka wong'ambika.

M'bokosimo munali kamera yojambulira nyenyezi, imene Che Matola ankainyadira kuposa ndevu zawo. Tsopano ankaigulitsa kuti mwana wawo Asiyatu akayambe sukulu ya unamwino, ndipo wogula wa ku Zomba ankabwera mawa lake.

Atapatsana salamu, Che Matola anayamba kuitamanda kamerayo. Anati mtengo wa kamera yotere umayendera zaka zake, kasungidwe kake, ndiponso ngati bokosi ndi zingwe zake zilipo. Yawo sinanyowepo, ngakhale fumbi silinkaidziwa. Shehe anamvetsera mpaka mawu anatha, kenaka anafunsa mwaulemu chimene chinawabweretsa ndi katundu wangwiro chotero kwa munthu wosoka mikeka.

Apa mwini kamera anazolika, manyazi atawagwira. Anaulula kuti tsiku lina anauzira mpweya pa galasi lam'kati n'kulipukuta ndi nsonga ya mkanjo, monga amachitira ndi magalasi awo amaso. Munthu wophunzitsa sayansi zaka makumi atatu! Panatsala kamzere kosaoneka masana, koma kotuluka pa chithunzi chilichonse cha thambo.

"Shehe, sindinama ayi. Ndingokhala chete. Ndikanena, mtengo utsika, mwina mwana sapita. Kodi kukhala chete n'tchimo?"

Shehe anaseka mokoma mtima, mpaka Che Matola nawo anayamba kuseka.

"Che Matola, wogulayo akufuna kamerayi kuti azijambula masana?"

"Ayi, Shehe. Nyenyezi."

"Ndiye inu mukhala chete, koma thambo la Allah lidzanena."

Shehe anaika singano pansi n'kuwagwira dzanja.

"Kamzere kameneko ndi dzina lanu, mwalilemba kale pa zithunzi zonse zimene munthuyo adzajambule. Akadzakaona azidzakumbukira inu. Mawa mumuonetse iye asanafunse, mutsitse mtengo. Zoperewera za Asiyatu tidzazinena Lachisanu pano pamzikiti, namwinoyo ndi wa tonse. Mukatero, nthawi iliyonse akaona kamzereko azidzati, 'Uyu ndi mkulu uja sanandinamize, Allah amudalitse.' Kodi ilipo kamera ina ku Zomba imene imapempherera mwini wake wakale?"