Nguluwe ndi Chitsamba cha Zipatso Zotsekemera

Kalekale, mwanawe, m'nkhalango ina yosaloledwa nkhwangwa munkakhala Nguluwe ndi ana ake asanu. Chakudya chawo chinali chinaka, timizu tonga timbatata tomera padambo.

Chaka china padambopo padamera chitsamba chachilendo. Minga thupi lonse, koma zipatso zotsekemera ngati uchi. Chidayanga, chidayanga, mpaka chinaka chidayamba kufa ndi mthunzi. Ana a Nguluwe nthiti zidayamba kuwerengeka.

Nguluwe adayenda khomo ndi khomo.

"Anzanga, tiyeni tikazule chitsamba chija. Malipiro palibe."

Adabwera Nyani ndi mtundu wake wonse. Adabwera Pumbwa, mbalame yolongolola ija. Adabweranso Nungu. Zipatso zinali zitapsa, ndiye kunali kuzula akudya, kuzula akudya. Dzuwa likafika paliwombo, onse ankakapuma patsinde pa mkuyu.

Mvula itagwa, chitsamba chidameranso. Adazulanso, chidameranso. Nguluwe mtima udamuwawa.

Tsiku lina akufukula patsinde pa mkuyu paja, adapeza timbande ta chitsambacho tambirimbiri, tonse tomera pandowe. Ndowe za Nyani, zitosi za Pumbwa, ndi zake zomwe. Manyazi adamugwira.

Adaitana anzake.

"Ofesa ndife tomwe. Chaka chino tizule chikadali ndi maluwa, chisanabale zipatso."

"Nanga tizikadya chiyani kumeneko, mayi?" adafunsa Nyani.

"Palibe," adayankha Nguluwe.

Kutacha, Nyani adatumiza mawu akuti msana wamugwira. Pumbwa adati kwawo kwagwa maliro. Paja a Pumbwa maliro sawathera likakhala tsiku la ntchito.

Adabwera Nungu yekha.

"Tiyeni, achemwali. Ine minga ndidaizolowera."

Awiriwo adazula ndi njala. Lero kuzula, mawa kuzula, mphuno zikuchucha magazi. Dambo lonse lidawakanika. Adangopulumutsa kachigawo kakumunsi, ndipo pamenepo chinaka chidaphukanso.

Ana atatu a Nguluwe adadya, adakula. Awiri njala inali itawatenga kale. Nyani ndi Pumbwa adabwera kudzapepesa, milomo ili biii ndi zipatso za kumtunda kwa dambo.

Ndiye iwe, ukadzaona anthu adzaza pa ntchito yopanda malipiro, usafulumire kuthokoza. Uyambe waona chimene akutafuna. Mnzako weniweni ndi amene amabwera tsiku lopanda chodya.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepo.