Chilumba Choyera cha Che Jaffalie

Ife abambo a ku Mangochi tili ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala. Poti tinabadwira pafupi ndi madzi, timayesa kuti nyanja ndi mlamu wathu ndipo palibe chake chimene sitidziwa. Che Jaffalie, mwini sitolo ya malata, misomali ndi utoto pafupi ndi msika wa paboma, nthendayi inali itawalowa mpaka m'mafupa. Kusambira sankadziwa. Madzi akuya amene anawolokapo ndi a mu Shire, nawonso ali pamwamba pa mlatho, m'galimoto. Koma mukanawamva akufotokozera makasitomala za mphepo ndi mafunde, mukanati nyanjayo anakumba ndi iwo.

Lamlungu lina m'mwezi wa Ogasiti, banja lonse linali pa tebulo kumwa tiyi ndi zitumbuwa. Shakila, mwana wawo woyamba, anali atamaliza mayeso a Fomu 4 ndipo ankayembekeza kupita ku Blantyre kwa azakhali ake kukaphunzira za makompyuta. Mlongo wake Latif anali patchuthi cha Fomu 2. Onse awiri anali ataweramira mafoni ngati akusankha mpunga. Che Jaffalie anaponya nthabwala, koma inagwa pansi osatoledwa. Akazi awo okha, mayi Mwanabibi, ndiwo anaseka pang'ono mwachifundo, poti nthabwalayo anayamba kuimva chaka cha ukwati wawo.

Zinawalasa mumtima abambowo. Mwana wamkazi anali pafupi kuchoka pakhomo, ndipo iwo sankakumbukira tsiku limene anachezapo naye momasuka.

"Shakila asanapite, tikapume tonse kunyanja," anatero akumenya tebulo. "Osati m'mphepete ngati ochapa zovala, koma pachilumba penipeni."

Mitu inadzuka nthawi yomweyo. Shakila anati apite ku Chembe, akakwere boti mpaka pachilumba cha Thumbi, kumene anzake anakaona nsomba zamawangamawanga. Latif anati kulikonse, bola pakhale mchenga woseweretsapo mpira ndi madzi osambira.

"Ine zanga n'zochepa," anatero mayi Mwanabibi. "Mthunzi, malo oswalira, ndi chimbudzi chokhala ndi chitseko."

"Ku Chembe ayi," anadula Che Jaffalie. "Kumeneko kuli alendo oyenda ndi tizovala tonga mipango ya m'thumba, nyimbo zosalekeza, ndipo ana awa akakhalanso pafoni tsiku lonse. Chilumba ndachipeza kale. Mchenga wake ndi woyera ngati ufa woyera, ndipo palibe munthu."

"Dzina lake n'chiyani, ababa?" anafunsa Shakila.

"Ukufuna kuchilembera kalata? Mukachiona ndi maso."

Zoona zake n'zakuti dzinalo sankalidziwa. Mlungu wapitawo anapita kukatula malata cha ku Nkope, ndipo ali chiimire pagombe anaona kachilumba patali kakung'anima mbuu padzuwa. Mtima unagunda, nati paradiso uja ndi ameneyu. Pagombepo panali anthu ambiri, ena akusoka maukonde, ena akuyanika usipa, koma sanafunse ngakhale mmodzi. Munthu wa paboma, wodziwika ndi nkhani za nyanja, akafunse bwanji ngati mlendo wochokera ku Dedza?

Loweruka analawira. Mayi Mwanabibi anali ataphika mpunga wa pilawu, nkhuku yokazinga ndi masamusa. Latif anakumbatira mpira wake. Che Jaffalie anavala mkanjo watsopano woyera ndi magalasi akuda, ngati nduna yokatsegulira doko. Atafika pagombe anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa lamulo.

"Mafoni ndi zikwama zonse zitsale muno."

"Ababa, m'chikwama changamo muli..."

"Muli chiyani chimene sungachisiye theka la tsiku? Siya!"

Shakila anayang'ana amayi ake, koma iwo anali kalikiliki kumanga mapoto m'nsalu. Chikwamacho anachisiya pampando. Abambowo anakiya galimoto n'kuponya makiyi m'thumba la mkanjo.

Mwini boti la injini limene anachita hayala anali bambo wina wa komweko dzina lake Willard. Atamulozera kachilumbako, Willard anayang'ana mkanjo, nayang'ana mapoto ndi mpira.

"Uko, achikulire? Kukatani?"

"Kodi ndakwera boti kapena ndalowa kupolisi? Liza injini."

Willard anakweza mapewa n'kuliza injini.

Ali pakati pa madzi, chilumbacho chinkaonekabe chokongola, ndipo Che Jaffalie anaima kutsogolo kwa boti akuloza ndi chala ngati anachilenga okha. Kenaka mphepo inatembenuka. Kunabwera fungo longa la usipa wowola wosakaniza ndi khola la nkhuku losasesa chiyambire. Mayi Mwanabibi anaphimba mphuno ndi mpango.

"Abambo a Shakila, chafa n'chiyani?"

"Ndi mpweya wa nyanja umenewo. Anthu a m'tauni simuudziwa."

Atayandikira, zonse zinaonekera poyera. Panalibe mchenga ngakhale wodzaza supuni. Chilumba chonse chinali miyala yokhayokha, ndipo pamiyalapo ndi m'mitengo youma munali mbalame zakuda za makosi ataliatali, zija zimamira m'madzi posaka nsomba, zambiri ngati anthu pa msonkhano wa chipani. Kuyera konse kuja kunali zitosi zawo, zounjikana zaka ndi zaka.

Apa mpamene munthu wanzeru akanaseka n'kunena kuti tibwerere. Willard anachepetsa injini, akudikira mawu amenewo. Ana ankayang'ana abambo awo. Koma manyazi a bambo pamaso pa ana ake ndi olemera kuposa thumba la simenti.

"Mchenga uli kuseri," anatero Che Jaffalie molimba mtima. "Titsitse. Ubwere kudzatitenga dzuwa likapendeka."

Boti linabwerera, phokoso lake likuzilala mpaka zii. Kuseri kuja kunalibe mchenga. Kunali mbalame zina, abale a zoyamba zija. Anayenda akuterereka, nsapato zikumira m'zoyera zofewa. Latif anangoika mpira pansi, ndipo unagubuduka pathanthwe, kugwera m'madzi n'kuyamba ulendo wa ku Makanjira. Mthunzi wokhawo unali pansi pa mtengo wodzaza mbalame, ndipo aliyense wokhala pamenepo ankalandira madalitso ochokera kumwamba. Mayi Mwanabibi anafunafuna malo oyera oti ayalepo mkeka woswalira, koma anangoupindanso.

"Tiyeni tidye, mitima ikhala pansi," anatero abambowo.

Atangovundukula poto, ng'azi yaikulu ngati mwana wa ng'ona inatuluka m'mng'alu wa mwala. Che Jaffalie, katswiri wa nyanja, ndiwo anayamba kufika pamwamba pa thanthwe, banja lonse atalisiya m'mbuyo. Ali pamwambapo anaonerera ng'aziyo ikukoka nkhuku yonse ndi kukalowa nayo kwawo. Latif analephera kudzigwira, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo pamene anakhalapo sipanali pabwino.

Kuseka kunatha dzuwa litafika pamutu. Mwera unayamba kuwomba, ukuulutsa fumbi la zitosi zouma ndi nthenga. Shakila anayamba kutsokomola. Poyamba ankabisa, koma posakhalitsa anakhala pansi atagwira pachifuwa, mpweya ukulira ngati mwana wa mphaka. Mtsikanayu anali ndi mphumu chibadwire.

"Kabotolo kako kopopera kali kuti?" anafunsa amayi ake atamugwira mapewa.

Shakila sanathe kuyankha. Anangokweza dzanja n'kuloza kumtunda, kutali, kumene kunali galimoto.

Che Jaffalie anapapasa m'thumba kufuna foni, n'kukumbukira lamulo lawo lomwe. Willard anali atamuuza okha kuti asabwere msanga. Anayang'ana madzi amene sankatha kusambira, nayang'ana mwana wawo milomo ikusintha mtundu. Anavula magalasi akuda aja.

"Ya Allah, mwanayu sanalakwe kanthu. Wolakwa ndine," ananong'ona.

Chapatali kunkadutsa boti lalikulu lonyamula anthu ndi katundu. Abambowo anavula mkanjo, kutsala ndi vesiti ndi kabudula wamkati, nakwera pathanthwe lalitali n'kuyamba kuukupiza akukuwa. Mbalame zinadzidzimuka, zinauluka zonse pamodzi ndi kuwasiyira mphatso kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Boti silinatembenuke.

"Ababa, nsalu yoyera pachilumba choyera ndani aione?" anakuwa Latif.

Mayi Mwanabibi anamasula chitenje chofiira chimene anakulungira mapoto n'kumuponyera mnyamatayo. Latif anachimanga kunthambi youma, nathamanga nacho mpaka kunsonga ya chilumba. Che Jaffalie anataya mkanjo uja pamwala n'kukathandiza kukuwa, mpaka mawu anasasa. Patapita nthawi imene kwa iwo inali ngati chaka, mphuno ya boti inatembenukira kwa iwo.

M'botimo munadzaza amayi a geni ya tomato ndi nsomba zouma. Anamunyamula Shakila mosamala, kumukhazika tsonga pathumba la chimanga, wina akumukupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Atakwera abambowo, mayi wina wonenepa dzina lake Celestina, amene ankagula malata kusitolo kwawo, anawayang'anitsitsa kuyambira kumutu.

"Kodi si Che Jaffalie a malata awa? Mwayamba kudzipaka nokha laimu wa m'sitolo?"

Mafunde a mwera anali atakula, ndipo ulendo wonse abambowo anauyenda atagwada m'mbali mwa boti, dzanja limodzi litagwira phazi la mwana wawo, kwinaku akubwezera nyanja tiyi wa m'mawa.

Boti lisanagunde mchenga n'komwe, analumpha n'kuthamangira kugalimoto opanda nsapato. Atagwira chitseko, mpamene anakumbukira kuti makiyi ali m'thumba la mkanjo, ndipo mkanjo uli pachilumba. Sanaganize kawiri. Anatola mwala n'kuswa galasi la galimoto yawo yomwe, imene ankaletsa ngakhale ana kuitsamira. Anatulutsa chikwama, nathamanga nacho dzanja likuchucha magazi. Shakila anapopera kamodzi, napoperanso. Pang'onopang'ono kulira kwa pachifuwa kunachepa, mapewa anatsika, ndipo anapuma mpweya wautali.

"Alhamdulillah," anatero mayi Mwanabibi, misozi ikutsika.

Willard anafika akuthamanga atamva phokoso. Atamufotokozera, anagwira pakamwa.

"Pepani achikulire. Ine nditaona mapoto aja ndimayesa mukukatenga manyowa a kudimba. Ena amapitako pa chifukwa chimenecho."

Anavomera kukatenga mkanjo uja mphepo ikachepa. Podikira, anthu a pamudzipo anawabwereka chitenje choti abambowo afunde ndi ndowa ya madzi osamba. Atasamba, anakakhala pafupi ndi Shakila, amene anali atatsamira amayi ake.

"Ndinayesa kukuuzani, ababa," anatero mtsikanayo ndi mawu otsika.

"Ndikudziwa, mwanangu. Pakamwa ndinabwera napo, koma makutu ndinawatsekera m'sitolo. Undikhululukire." "Pachifuwa pali bwanji tsopano? Tipite kuchipatala?"

"Tipite," anayankha mayi Mwanabibi mwana asanatsegule pakamwa. "Ndipo njira yake mufunse."

Willard atabweretsa makiyi ndi mkanjo wodzaza zitosi, abambowo anafunsadi, kwa anthu atatu osiyana, ali chifundire chitenje cha eni. Kuchipatala anamuyeza Shakila, kumupatsa mankhwala ena n'kumulola kupita kwawo tsiku lomwelo. Adokotala atafunsa kuti mwana wa mphumu amakatani pamalo otero, Che Jaffalie anayang'ana pansi n'kuti, "Anali patchuthi, adokotala. Wokonza ulendo ndi amene mukumuona wavala chitenjeyu."

Nkhani imayenda msanga kuposa boti la injini, makamaka ikakwera ndi amayi a geni. Pofika Lachisanu, msika wonse unali utaimva, ndipo ena anali atawonjezera kuti ng'azi inathawa ndi kabudula. Atatuluka mumzikiti, anzawo anawazungulira, nkhope zili zaulemu koma maso akuseka. Che Sulemani, mnzawo wa ubwana, ndiye anayamba.

"Tamva munapita kunja ndi banja. Kunali bwanji kumeneko?"

Che Jaffalie anavala nsapato zawo mosafulumira.

"Kunali bwino, achimwene. Anthu ena chimbudzi cha mbalame amangochiona patali n'kudutsa. Ine ndinachita hayala boti, kuvala mkanjo watsopano, kutenga mkazi ndi ana, n'kukadyera m'menemo. Ndipo kunangotsala pang'ono kuti ndibwereko ndi mwana mmodzi yekha."

Kuseka kunaduka pa mawu otsirizawo, ndipo Che Sulemani anawagwira paphewa.

Shakila anapita ku Blantyre ali bwino. Lamlungu lomaliza asananyamuke, banja lonse linapita ku Chembe, ndipo ulendo umenewo anakonza ndi anawo pamodzi ndi amayi awo. Abambo anapatsidwa ntchito imodzi yokha, yoyendetsa galimoto, pawindo atamatapo pulasitiki.

Funso limene Che Jaffalie analiopa pagombe la ku Nkope linali lalifupi, ndipo aliyense woyanika usipa akanawayankha asanameze malovu. Analisunga kuti asaoneke mbuli pamaso pa anthu ochepa, ndipo mapeto ake boma lonse linawaona ali m'kabudula. Ife amene tikuseka tisaseke kwambiri, poti ambirife tili ndi kachilumba kathu kamene tikukaona patali kakung'anima, ndipo pakamwa tatseka. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.