Bulangete Limene Linkabwerera

Panali munthu wina, dzina lake Yonasi Chikadza, amene analemera ndi mabasi. Anachoka kwawo ali mnyamata, ndipo pamene imvi zinkayamba kumera, mabasi ake anali atadzaza misewu.

Sanali woumira. Chaka chilichonse chisanu chikayamba, ankatumiza lole kumudzi kwawo itasenza mabulangete, shuga ndi sopo kuti okalamba agawane. Mwiniwake sankapita, poti ntchito inali yambiri. Anthu ankalandira ndi nthungululu.

Koma bulangete limodzi linkabwerera. Linali la Lemani, mnzake amene ankaweta naye ng'ombe kudambo kalelo. Tsopano Lemani anali wosaona.

"Akuti vuto n'chiyani?" Chikadza anafunsa dalaivala wa lole.

"Akuti mubwere nalo nokha, bwana."

Chikadza anayesa kuti mphatsoyo yachepa. Chaka chotsatira anawonjezapo matiresi ndi wailesi. Zonse zinabwerera. Pamenepo anapsa mtima. Anaponya bulangetelo m'galimoto n'kuuyamba ulendo, kuti akamve chimene analakwa.

Anapeza Lemani ali pakhonde, akuothera dzuwa. Fumbi la m'njira linamutsokomoletsa asanapereke moni, ndipo wosaonayo anatukula mutu.

"Iwe Yonasi! Katsokomoledwe kako n'komwe kaja."

Chikadza anangoti chilili. Panali patapita zaka zambirimbiri munthu asanamuitane ndi dzina limenelo, kapena kumunena kuti iwe. Mkwiyo unathera pomwepo. Anakhala pansi padothi, suti ili m'thupi.

Anakumbutsana za nkhunzi yofiira imene inawakweza mumtengo wa mkuyu, za mbatata zimene ankaotcha m'zibuma, za mpira wansanza umene unkamasuka masewera ali mkati. Anaseka mpaka misozi.

"Nanga Binoni ali kuti?"

"Tinaika."

"Nanga mnzathu Sitima?"

"Nayenso, dzana lija. Odziwa nkhani zimenezi tatsala awiri, Yonasi. Ndikawauza ana amayesa ndikupeka. Kuzizira ndimapirira. Chondikanika n'kukumbukira ndekha."

Chikadza anadzuka n'kukauza dalaivala wa galimoto yake kuti abwerere kutawuni yekha. Misonkhano imene inkamudikira inachitika iye palibe. Anagona m'nyumba ya mnzakeyo, pamphasa, ndipo m'mawa uliwonse ankamugwira dzanja kupita naye kudambo, n'kumamuuza mitengo imene idakalipo.

Lemani anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho. Ponyamula maliro, Chikadza anakana kulandiridwa mpaka kumanda.

Lole sinaleke kupita kumudzi. Koma kuyambira pamenepo, mwiniwake ankakwera nawo, n'kumalowa khomo ndi khomo.

Abale anga, musaleke kupereka, pakuti ozizidwa alipodi. Koma kwanu kuli wina amene sakudikira katundu wanu. Akudikira inuyo, ndipo masiku ake sakuchuluka. Pitani akadatha kuzindikira mawu anu.