Mfundo ya Mpweya wa Chipokosa

Kalekale, njati zikadamwera dziwe limodzi ndi anthu, padali mlenje wina dzina lake Chipokosa. Mkazi wake adali Nachisale.

Chipokosa ali mnyamata ankaopa imfa. Adapita kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri.

"Ndikhwimitseni. Njati isandiphe, mkango usandiphe."

Sing'anga adatenga nsinga ya uta. Adamuuza kuti apumirepo, nkumanga mfundo. Mfundoyo adailonga m'nyanga ya mbawala.

"Mpweya wako uli umu. Mfundoyi ikakhala yomanga, sufa. Koma imva: mwini wake sangaimasule. Imamasuka ndi manja a munthu wina."

Chipokosa adaseka. Anyamata inu mumamva mawu oyamba okha, achiwiriwo mumawasiya pakhomo. Adasomeka nyanga ija kudenga, ulendo wa kuthengo.

Njati idamugunda, adadzuka. Mkango udamung'amba, adadzuka. Abale ake ankayenda chifuwa patsogolo. Ndani akadawaputa, amalume awo ali munthu wosafa?

Zaka zidapita. Imvi zidabwera, mano adagweluka. Kenaka idabwera nthenda ya m'mimba, yodya munthu mkati. Asing'anga adayesa mizu, adayesa makungwa, adagwetsa manja.

Tsiku lake lidakwana. Imfa idafika pakhomo, idapeza mfundo, idabwerera. Idabweranso, idapeza mfundo, idabwerera.

Dzinja loyamba, Chipokosa ali pamphasa. Lachiwiri, ali pamphasa. Lachitatu, mafupa okhaokha, msana wonse zilonda. Womutembenuza Nachisale. Womusambitsa Nachisale. Woingitsa ntchentche Nachisale. Akamumwetsa phala, phala linkabwerera.

Ululu ukamugwira, mlenje ankaimba ndi timawu tosasa:

Nachisale, masula,
ndatopa ine.
Nachisale, masula,
njira ndaiona.

"Mwapenga kodi?" adatero Nachisale. "Ndiphe mwamuna wanga, ine? Ukulankhulawo ndi ululu, si inu."

Adadikira mmawa wina, ululu utachepako, maso a mwamuna ali mbee.

"Bambo, zija munkaimba zija, mukadali nazo?"

"Ndikadali nazo."

Nachisale adadikira mwezi wathunthu, nkufunsanso.

"Kapena mukuona ngati mwandilemera? Ngati nzimenezo, iwalani. Msana wanga ukadali wolimba. Ndikusambitsani mpaka ine ndigwe."

"Chisoni sindikumvera inu ayi," adatero Chipokosa. "Ndikudzimvera ndekha. Ndinkasenza nguluwe paphewa. Lero ntchentche ikanditera padiso, ndimadikira inu mubwere ku chitsime. Ndidatseka khomo ndili mwana wopusa. Nditsegulireni."

Nachisale adatuluka, adakalira kuseri kwa nkhokwe. Adalira kwambiri, chifukwa ankamukonda mwamunayo.

Tsono mukudziwa, mwamuna ali ndi eni ake. Nachisale adatumiza mawu kwawo kwa mlenje. Adabwera Kanyoza, mwana wa mlongo wake wa Chipokosa, ndi abale ena. Adakhala patsinde pa mtengo, kutali ndi khomo, kumene fungo silinkafika.

"Mayi, zimene tamvazi nzoona?" adafunsa Kanyoza.

"Nzoona. Amalume anu akupempha kuti apume."

"Kwathu sitipha munthu. Moyo ngwa Namalenga."

"Ngwa Namalenga ndithu. Ndipo Namalenga adawaitana kale, zaka zitatu zapitazo. Yawatsekereza ndi nsinga ya uta. Kodi nsinga ndi Namalenga?"

Kanyoza adagwedeza mutu. Musamuone ngati munthu woipa. Amalume akewo ndiwo adamuphunzitsa kukoka uta, ndipo kuwataya ankaopa zenizeni. Koma chikondi chake chidali cha patsinde pa mtengo.

"Akadali ndi mpweya, ndi amoyo," adatero.

"Lowani tsono," adatero Nachisale. "Lowani mukawatembenuze kamodzi kokha. Mukawafunse nokha."

Kanyoza sadadzuke. Abale enawo, maso pansi.

Pomwepo nyimbo idatuluka m'nyumba:

Nachisale, masula,
ndatopa ine.
Nachisale, masula,
njira ndaiona.

"Akubwebweta ndi matenda," adatero Kanyoza. "Tamverani, mayi. Mukangoikhudza nyangayo, ndinu mfiti. Mudzamwa mwavi. Maliro tidzatenga, ndipo manda ake simudzawaona."

Nachisale adachita mantha, ndinamirenji? Dzina la ufiti silichoka ndi madzi. Mkazi wotchedwa mfiti amatunga yekha, amasinja yekha, amafa yekha. Koma adaimirira.

Adatereka madzi. Adamusambitsa mwamuna wake, nkumudzoza mafuta a nsatsi. Adamumeta ndevu, adamufunditsa nyanda yatsopano. Adamubereka kumsana ngati khanda, nkumukhazika pakhonde, mutu utatsamira pamiyendo pake. Dzuwa lidali paliwombo. Anthu adasiya mitondo, adasiya makasu, adabwera.

Nyanga ya mbawala idali m'dzanja lake, poyera, osabisa.

"Bambo, anthu ndi awa. Mwana wa mlongo wanu ndi uyo. Mukanena kuti mawa, ndiibweza kudenga, ndipo ndikondwa. Ndimasule?"

Chipokosa adatembenuza maso, adamupeza Kanyoza.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, sindikubwebweta. Ndine ndatuma." Kenaka adayang'ana mkazi wake. "Masulani, mayi."

Mfundo ya zaka zonsezo idauma gwa. Nachisale adakanda ndi zikhadabo, zikhadabo zidathyoka. Adaluma ndi mano, misozi ili chuchuchu. Palibe adamuthandiza, palibenso adamugwira dzanja.

Mfundo idamasuka.

Chipokosa adapuma mpweya umodzi wautali. Nkhope idawongoka. Adapita.

Kanyoza adalumpha. "Mfiti! Wapha! Bweretsani mwavi!"

Nachisale adatseka maso a mwamuna wake. Adapukuta misozi, osadzuka pamene adakhalapo.

"Mwavi ngwa chiyani? Mwavi amamwetsa munthu wokana mlandu. Ine ndakana? Ndamasula ndine, masana, nonse mukuona. Ndipo akadzuka nkundipemphanso, ndimasulanso."



"Kumanda simupondako!" adakuwa Kanyoza.

"Nyamulani," adatero Nachisale. "Mtembowu ngwanu, mwaupeza wosamba kale. Munthuyo adali wanga, ndipo ndamuperekeza ndekha mpaka pakhomo."

Adanyamuladi. Manda sadamuonetse. Ku chitsime akazi ena ankasuntha mitsuko akamuona, ndipo dzina lija adafa nalo. Koma mutu sadaweramitse ngakhale tsiku limodzi, kupepesa sadapepese kwa munthu.

Tsono musachoke pano nkumati ndakutumani kukamasula mfundo za anthu. Ayi! Nachisale adakana, adadikira, adafunsa, adafunsanso. Mwini moyo akadati mawa, akadamusambitsa zaka zina khumi. Chimene ndikukana ine ndi ichi: kuweruza ululu wa mnzako uli patsinde pa mtengo. Wodwala akadali munthu, pakamwa ali napo. Lowa m'nyumba, umutembenuze, umumvere. Ukatero, bwera tidzatsutsane.

Nthano yanga ndaitula, yathera pomwepa.