Maina Atatu a Ndaziona

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli pamene netiweki inkapezeka pa chulu pokha, panali mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Ankakhala ndi amayi ake, a Nankhoma, pafupi ndi siteshoni ina yaing'ono ya sitima. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino kwambiri, koma zaka ziwiri zinatha akungokazinga zitumbuwa n'kumagulitsa kwa apaulendo. Mtima wake unali pa maphunziro a za madzi, chifukwa ankafuna kudziwa chimene chimachititsa kuti mijigo ya kwawo izitulutsa madzi amchere. Sitima ikanyamuka ankaiperekeza ndi maso mpaka itazimirira, zitumbuwa n'kupserera pamoto.

Tsono panali amuna atatu, ndipo aliyense akamanena za mtsikanayu ankati mwana wanga.

Woyamba anali a Mlongoti, bambo ake omubereka. Iwowa anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ukwati n'kuthera pomwepo, ndipo dzina lawo linangotsala pa khadi la ubatizo. Kumeneko ankasesa ndi kutchetcha kapinga pa yunivesite ina. Tsiku lina akusesa anaona chipepala pakhoma, chonena kuti yunivesite ina ya ku Ulaya ikufuna ophunzira a ku Afirika ndipo idzawalipirira zonse. Anachijambula ndi foni. Kenako anakagwada kwa mayi wina wa mu laibulale kuti aziwamasulira mafomu, tsamba limodzi pa sabata, ndipo Lamulungu lililonse ankaimbira mwana wawo n'kumubwerezera zimene amva. "Mwana wanga, ine ndinalephera zambiri," anatero tsiku loyamba. "Ichi chokha usandikanire."

Wachiwiri anali a Katsache, malume ake, eni mbumba, telala wa pakhonde la golosale. Ndaziona atapanda kusankhidwa pa mayeso a Sitandade 8, iwo anamutengera kwawo n'kukamulembetsa pa sukulu ina ndi dzina lawo, monga ankachitira ambiri pofuna kuti wobwereza asadziwike. Chaka chimenecho anasankhidwa. N'chifukwa chake satifiketi yake ya Fomu 4 inkati Ndaziona Katsache. Tsono a ku Ulaya aja atafuna kalata ya mphunzitsi womudziwa bwino, zinapezeka kuti ahedi ake anapuma ntchito n'kubwerera kwawo kuseri kwa mapiri, ndipo nambala yawo panalibe woidziwa. A Katsache anavindikira makina awo, madiresi a ukwati wa eni ake ali osatha. Anayenda masiku anayi akufunsa mudzi ndi mudzi, mpaka anawapeza m'dimba akuthirira tomato. Kalatayo inalembedwera pabondo. Atabwerako, mapazi ali otupa, anangoti, "Mbumba siitayika mwini wake ali moyo."

Wachitatu anali a Sambani, bambo ake omupeza, a kabaza. Iwowa anakwatira a Nankhoma mtsikanayo ali Fomu 1, ndipo kuyambira pamenepo sanapitepo kusukulu ndi njala. Nthawi yolembetsa ziphaso za unzika anamuperekeza ndi iwo. Wolemba atafunsa dzina la bambo, Ndaziona anayang'ana munthu amene anaima naye padzuwa kuyambira m'mawa, n'kunena kuti Sambani. Tsono panali mayeso a Chingerezi okalembera mumzinda, ndipo wowaphonya ankadikira chaka china. Tsiku la ulendo mtsinje unali utakokolola mlatho, maminibasi ali ndandanda tsidya lino. A Sambani anamukweza pa njinga n'kudzera njira za m'minda. Atafika pa dooko anaolotsa kaye njinga ili paphewa, madzi akufika m'chifuwa, n'kubwerera kudzabereka mtsikanayo, mapepala ali mu jumbo pamutu. Tsidya linalo anapalasa mpaka anapeza galimoto. Ndaziona analowa m'chipinda cha mayeso akutseka chitseko. Mawu awo njira yonse anali amodzi: "Iwe gwiritsa mapepalawo, zina zonse ndi zanga."

Mafomu anapita. Kuyambira tsiku limenelo Ndaziona anasowa pokhala. Ankakwera pa chulu katatu pa tsiku, foni ili m'mwamba, mpaka udzu wa pamenepo unafa. Akakhala pansi ankadzukanso, akayamba kusesa ankasiya tsache pakati pa bwalo. Amayi ake anati, "Iwe, chulucho uchisalaza. Azunguwo akafuna kuyankha ayankha, sakuona thukuta lakolo."

Yankho linafika Lolemba. Anamutenga. Koma m'munsi mwa uthengawo munali mawu ena. Anati zikalata zake zili ndi maina atatu, choncho sakudziwa ngati akulankhula ndi munthu mmodzi. Apite kwa majisitireti akalumbire kuti onsewo ndi iye, ndipo asankhe limodzi mwa atatuwo. Limenelo ndilo lidzalembedwe pa pasipoti, ndiponso pa digiri yake. Akapanda kutumiza pofika Lachisanu, malo akewo apatsa wina.

Lachitatu anakumana pabwalo pa a Nankhoma. A Katsache anakhala pa mpando, a Sambani pa njerwa, ndipo foni anaiimika pa mpando wake kuti a Mlongoti azimveka kuchokera ku Joni.

"Nkhaniyi ndi yaifupi," anayamba a Katsache. "Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Tambala amangolira, anapiye ndi a eni khola."

"Alamu," inayankha foni, "magazi safufutika ndi cholembera. Komanso dzina lanulo munalilowetsa mozemba, tonse tikudziwa."

"Kuzembako ndiye kwamufikitsa pano. Inu munali kuti? Mukumeta kapinga wa eni ake."

"Kapinga yemweyo ndi amene anandifikitsa pa chipepala. Pa makina anuwo mukanachisoka?"

A Nankhoma anaseka osafuna. "Taonani amuna, kukanganira mwana amene ululu wake ndinaumva ndekha. Nanga osangolemba langa bwanji?"

"Lanu silili pa chikalata chilichonse, amayi," anatero Ndaziona. Anali chiimire, akuzungulira mtengo wa mango.

"Ndiye lemba onse atatu, aliyense akhute."

"Ndafunsa kale. Akuti limenelo likhala dzina lachinayi, ndipo ayamba kukayika zonse."

Apa onse anatembenukira kwa a Sambani, amene nthawi yonseyi ankangopukuta sipoko za njinga yawo.

"Nanga inu alamu, pakamwa mwaika madzi?" anafunsa a Katsache.

"Ine kulimbana sinditha," anayankha. "Sindinamubereke, mbumba si yanga. Kungoti wangawanga Mulungu sanandipatse. Ndikadzapita ine, dzina la Sambani lidzatsala pa mudigadi ya njingayi basi."

Kenako foni inakhosomola. "Achimwene, zimenezo ndamva. Koma nanenso kunoku ndilibe china chondionetsa kuti ndinakhalapo bambo. Ndikufuna tsiku lina ndidzaloze pepala ndi chala, ndidzauze anzanga osesa nawo kuti uyu ndi wanga."

"Nanga ine ndikawauze chiyani akumudzi?" anatero a Katsache. "Kuti ndinabzala, ndinapalira, koma pa thumba palembedwa dzina la wina?"

Anabalalika osagwirizana. Lachinayi Ndaziona sanakazinge zitumbuwa. Anayenda m'mbali mwa njanji mpaka pa mlatho wogumuka uja n'kubwerera, akutchula maina atatuwo chapansipansi kuti amve limene likhale bwino pakamwa. Lililonse linkakhala bwino, ndipo lililonse linkasiya anthu awiri kunja.

Lachisanu m'mawa anapita ku khoti. A Sambani anamunyamula pa njinga, a Katsache anatsatira atamusokera bulauzi yatsopano, ndipo foni inali m'thumba ikunjenjemera ndi mauthenga a ku Joni. Kalaliki anayala pepala patebulo, namuonetsa mzere umodzi wopanda kanthu.

"Chemwali, Lachisanu timaweruka masana," anatero akuyang'ana wotchi. "Abwana akangotuluka, mudzabwere Lolemba."

"Lolemba kulibe," anayankha Ndaziona.

"Ndiye lembani. Dzina lanu lomwe mukuliiwala?"

Ndaziona anatenga cholembera. Pa zenera ankaona amuna awiri atakhala pa benchi imodzi, wina kumapeto uku wina uko, aliyense akunamizira kuyang'ana kwina.

Ine nkhaniyi ndimaisiyira pamenepa, chifukwa ndikayang'ana kamwana kanga kakakazi, kamene kangoyamba kumene kuyenda, ndimalephera kuweruza. Popanda a Mlongoti, chipepala chija sakanachiona. Popanda a Katsache, ngakhale ku sekondale sakanapondako, ndipo kalata ya ahedi sikanapezeka. Popanda a Sambani, mtsinje ukanamubweza. Pasipoti ndi imodzi, mzere ndi umodzi, ndipo dzuwa latsala pang'ono kufika pamutu.

Tsono inu abale anga, akulu ndi ana, amayi ndi abambo, tandiuzani: pa mzere umenewu Ndaziona alembepo dzina la yani?